Boterekwa ya Pamadzi

M'chikwama changa chakale muli kampeni kokhota ngati mbedza, kakang'ono moti ndikakafumbata simungakaone. Sikasenda mbatata, sikadula nkhuku. Ntchito yake ndi imodzi yokha: kudula zingwe za kaiti zikamukulunga munthu m'madzi. Pa zaka 9 zimene ndinagwira ntchito ku Langebaan ndinakagwiritsa ntchito kamodzi kokha, ndipo mpaka lero ndikakaona ndimadzifunsa ngati tsiku limenelo ndinadula chifukwa kunali koyenera, kapena chifukwa mwini zingwezo ndinali naye kale mangawa.

Ndinabadwira ku Shurugwi, m'komboni ya ku Railway Block, kumene fumbi la mgodi limalowa mpaka m'mano. Kwa inu amene simunafikeko, ndi tauni ya pamwamba pa mapiri, makilomita 30 ndi kanthu kuchokera ku Gweru, imene inkatchedwa Selukwe mpaka 1982. Kuli chrome, kuli golide, masiku ano kulinso platinum ku Unki. Nyanja kulibe. Madzi aakulu amene ndinawaona ndili mwana ndi a damu la Gwenoro, ulendo umodzi ndi sukulu. Ena onse anali madzi obiriwira a m'maenje a migodi yakale, m'mene tinkaphunzirira kusambira mozemba amayi.

Koma m'nyumba mwathu nyanja inalimo. Agogo aamuna anachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950, atakula akukoka zingwe za thanga pa chombo cha amalume awo chonyamula mpunga ndi nsomba zouma. Anabwera kudzasaka ya msonkho ndi ya njinga, akuti zaka ziwiri basi. Anakhala zaka zoposa 40, ndipo anagona m'manda a ku Shurugwi komweko, mtchona weniweni. Anzathu a Chishona ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale agogowo Blantyre anangomudutsa usiku ali pa lole.

Agogo sankanena kuti kunja kuli mphepo. Mphepo iliyonse inali ndi dzina lake: mwera wa kummwera, mpoto, vuma wa kum'mawa, zambwe wa kumadzulo. Akaweruka ankakhala pakhonde, kunyowetsa chala ndi malovu, kuchikweza m'mwamba, n'kundiitana. "Mnzanga, tabwera. Uyu ndi mwera, koma wafika atatopa, wayenda mtunda wautali." M'mwezi wa Ogasiti, umene Ashona amautcha Nyamavhuvhu chifukwa cha mphepo yake, ankandipangira kaiti ya pepala la simenti ndi tsekera, ulusi wake wosolola ku thumba la ufa. Ndikayamba kukoka ndi mphamvu ankandimenya kadzanja. "Usalimbane nayo. Imve kaye m'chala, ikuuze kumene ikufuna."

Ndalama ya Zimbabwe itafa mu 2008, ndinatsata anzanga ku South Africa, ndipo mu 2009 ndinapezeka ku Langebaan, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumpoto kwa Cape Town. Kumeneko nyanja inalowa kumtunda n'kupanga thamanda lalitali la madzi osaya, ndipo kuyambira Novembala mpaka Malichi kumawomba mphepo ya kummwera chakum'mawa imene sipuma. Tsiku loyamba kuimva ndinaseka ndekha: mwera wa agogo, koma uyu wosatopa. Ndinayamba ndi ya m'dimba. Kenaka ndinalowa pa sukulu ina yophunzitsa masewera a pamadzi, kupopa makaiti, kutsuka mchenga, kusoka zong'ambika. Patapita zaka ziwiri anandiphunzitsa kuyendetsa boti lopulumutsira anthu, ndipo pa masiku a mpikisano ndinkathandiza kuika maboya.

Pamadzi amenewo panali mitundu iwiri ya anthu. Ine ndinkangowatcha a matanga ndi a makaiti.

Wa thanga amaima pa thabwa limene lili ndi mlongoti wokhoza kupendekera mbali iliyonse, iye n'kugwira chogwirira chopingasa. Zake zonse zili pamodzi. Ukamuyang'ana umadziwa pamene wayambira ndi pamene wathera, ndipo akagwa, thanga limagona pambali pake phee. Wa kaiti ndi nkhani ina. Thabwa lake ndi laling'ono, koma chimene chimamukoka chili kutali m'mwamba, kumapeto kwa zingwe zinayi za mamita 20 kapena 25, zomangidwa ku lamba wa m'chiuno. Zingwezo ndi zowonda ngati ulusi wosokera nsapato, koma zimanyamula munthu wamkulu, ndipo zikakungika zimacheka ngati lumo. Munthu mmodzi wa kaiti amatenga malo aakulu ngati bwalo la gule, ndipo malo akewo saoneka mpaka utalowamo.

Mpikisano wozungulira maboya umayenda motere. Pali mzere wosajambulidwa pakati pa boti la oweruza ndi boya limodzi. Oweruza amawerenga mphindi ndi mbendera ndi lipenga, ndipo aliyense amafuna kudutsa mzerewo pa liwiro lonse lipenga lomaliza likangolira, osati kamphindi lisanalire. Boya loyamba limaikidwa kumene mphepo ikuchokera. Apa ndi pamene pali nzeru yonse, chifukwa palibe thanga kapena kaiti imene ingalunjike m'kamwa mwa mphepo. Uyenera kupita chopingasa, kutembenuka, kupitanso chopingasa mbali inayo, kukwera pang'onopang'ono. Abwana anga atayesa kundifotokozera ndi ndodo pamchenga ndinawadula pakamwa, ndinati ndamva kale. Aliyense wa ku Shurugwi amaudziwa msewu wa Boterekwa, umene umakwera phiri mokhotakhota chifukwa palibe basi ingakwere molunjika. Kusiyana kwake n'kwakuti pamadzi makona umasankha wekha, ndipo phirilo limasuntha. Mphepo ikakhota pang'ono, amene anapita kumanzere amapezeka ali patsogolo pa amene anapita kumanja, ngakhale onse amathamanga mofanana.

Anthu makumi angapo akamakwera mokhotakhota chonchi, njira zawo zimadutsana. Lamulo lakale la oyenda pamadzi ndi lakuti amene mphepo ikumudzera kudzanja lamanja ndiye mwini njira, winayo apatuke. Lamuloli linapangidwira zombo zimene kukula kwake kumaoneka. A makaiti ali ndi lawo lowonjezera: awiri akamadutsana, amene ali chakumene mphepo ikuchokera akweze kaiti, winayo atsitse yake. Pakati pa iwo okhaokha zimayenda bwino. Nanga mlongoti? Mlongoti sungatsike, sungakwere. Wa thanga akakumana ndi zingwe, alibe chochita koma kudalira kuti mwini zingwezo ali maso.

A matanga ndiwo anayamba. Masewera awo analowa mu Olympics mu 1984 ku Los Angeles, makaiti a pamadzi asanadziwike n'komwe. Mpikisano waukulu wa ku Langebaan, wotchedwa Downwind Dash, wothamanga ndi mphepo kumbuyo mtunda wa pafupifupi makilomita 20 mpaka ku Saldanha, kumene sitima zimapakira miyala ya chitsulo, unayamba ulibe kaiti ngakhale imodzi. A makaiti anatulukira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo poyamba ankangodumpha ndi kudzionetsa. Mutu unayamba kuwawa pamene anayamba kupikisana mozungulira maboya, ku San Francisco, kumene mpikisano woyamba wa dziko lonse wa mtundu umenewu unachitika mu 2009. Anapanga mathabwa otambalala okhala ndi zipsepse zazitali pansi, ndipo anayamba kukwera mphepo bwino ngati a matanga, mwinanso kuposa, popeza kaiti imamwa mphepo ya m'mwamba imene ndi yamphamvu ndiponso yosasokonezeka. Ku Lüderitz, ku Namibia, mu 2010 Rob Douglas anathamanga ndi kaiti makilomita 103 pa ola, liwiro limene panthawiyo panalibe chombo cha thanga cha mtundu uliwonse chinali chitalifika. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Sananene kuti eni mudzi amakondwa nako.

Ine ndinali kumbali ya a matanga, ndipo sindinkabisa. Ambiri anali achikulire, a ndevu za imvi, osoka okha matanga awo. Ankaima pagombe kuyang'ana madzi nthawi yaitali asanalowe, monga agogo pakhonde paja. Ankandipatsa moni ndi dzina langa. A makaiti anali anyamata ndi atsikana aphokoso, oyala zingwe gombe lonse, ondikodola ndi dzanja kuti ndiwakwezere kaiti osayang'ana n'komwe nkhope yanga. Mphepo ikafooka makaiti awo ankagwa, ndipo ndine amene ndinkawatola mmodzimmodzi mpaka dzuwa kulowa, pamene a matanga ankabwerera okha pang'onopang'ono. Madzulo ndikamacheza ndi anzanga a ku Malawi amene tinkachita nawo lendi, ndinkati: anthu obwera awa atha malo. Mawuwo ankatuluka m'kamwa mwanga osandiwawa.

Mu Meyi 2012, akuluakulu a bungwe la dziko lonse la masewera a matanga, limene panthawiyo linkatchedwa ISAF, anakumana ku Stresa ku Italy, ndipo ndi mavoti 19 kwa 17 anachotsa a matanga pa Olympics ya ku Rio ya 2016 n'kuikapo a makaiti. Pambuyo pake bungwe la ku Spain linapepesa kuti nthumwi yake inavota molakwitsa. Tangoganizani, achinyamata amene anapereka moyo wawo wonse ku thanga anagona ali ndi tsogolo n'kudzuka alibe, ndipo wina akuti dzanja linaphonya. Ena anagulitsa zida zawo n'kuyamba kuphunzira kaiti. Mu Novembala chaka chomwecho, pa msonkhano waukulu ku Dun Laoghaire ku Ireland, chigamulocho chinatembenuzidwa: a matanga abwerere, a makaiti atuluke. Miyezi 6 yokha. Pagombe pathu anthu amene sakanapita ku Olympics ngakhale atabadwanso kawiri anasiya kupatsana moni chifukwa cha nkhaniyi.

Ine nkhani ya kulembedwa ndi kufufutidwa ndi anthu okhala pa tebulo kutali sinali yachilendo. Bambo anga anabadwira ku Selukwe, anagwira ntchito pansi pa nthaka ya Zimbabwe mpaka msana kupindika, koma chitupa chawo chinkati ALIEN. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ngati iwo anauzidwa kuti akakane unzika wa Malawi, dziko limene sanalipondepo, ndipo pa chisankho cha 2002 anabwezedwa pamzere wovotera. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma kuzidziwa sikunandiletse kuvina mumtima pamene a makaiti anatulutsidwa.

Tsiku la kampeni linali Lamlungu lina mu Januwale 2013, pa kampikisano kakang'ono ka anthu a m'deralo, onse oyambira mzere umodzi. Mwera unali utakwiya, madzi ali ndi thovu pamwamba. Ndinaimika boti pafupi ndi boya loyamba, pamene njira zonse zimakumanirana. Mkulu wina wa thanga, amene ankandipatsa malaya ake akale, ankabwera mphepo ili kudzanja lamanja, njira ili yake. Mnyamata wina wa kaiti, wa zaka mwina 19, anatulukira mbali inayo, n'kuona kampata pakati pa mkuluyo ndi boya, n'kuganiza kuti akwana. Iye anakwanadi. Zingwe zake ndizo sizinakwane. Zinakola nsonga ya mlongoti, kaiti inazungulira n'kumenya madzi, onse awiri anagwa, ndipo pamene ndinkafika chingwe chimodzi chinali chitazenga mwendo wa mkuluyo pamwamba pa kakolo.

Kaiti yogwa si yakufa. Imagona pamadzi ikugwedezeka, ndipo mphepo ikailowa pansi imadzuka ndi mphamvu zake zonse. Ichi n'chimene ndinkaopa, ndipo chinali choopsa chenicheni. Koma anandiphunzitsa ndondomeko yake: thamangira ku kaiti, igwire kutsogolo kwake, itembenuze, itulutse mpweya, zingwe zikafooka umamasula munthu ndi manja. Mpeni ndi wa pomaliza, zina zonse zikakanika. Kaiti inali mamita ochepa kuchokera pa boti. Mnyamatayo anali atakankha kale chomasulira cha pa lamba wake, ndipo ankakuwa kuti ndigwire kaiti. Ndinamumva bwinobwino. Ndinatulutsa kampeni n'kudula. Sindinadule chokhacho cha pamwendo. Ndinadula zinayi zonse, chimodzichimodzi, ndipo ndikukumbukira kuti kulira kwa chingwe chilichonse poduka kunandikoma.

Oweruza anagamula kuti wolakwa pa kugundanako ndi mnyamatayo, ndipo anagamula bwino. Za kudulako palibe anandifunsa. Abwana anangoti, "Unafulumira," ndipo sindinadziwe ngati kunali kuyamikira. Mwendo wa mkuluyo unali ndi mkwingwirima wofiira, magazi ayi. Madzulo anandiitana, kundigulira chakumwa, kundigwira paphewa pamaso pa anzake. Ananena zambiri zonditama, kenaka anati: "Iwe ndiwe wathu. Suli ngati anzako obwera aja adzaza m'tauni muno."

Ndinati zikomo bwana. Ndinamaliza chakumwacho. Pobwerera kunyumba ndinayenda wapansi ngakhale panali wondipatsa matola.

M'mawa mwake mnyamata uja anabwera kumene ndinkasokera, zingwe zodukazo zili m'jumbo. Ndinakonzeka kutukwanidwa, pakuti zingwe zatsopano mtengo wake unkaposa malipiro anga a sabata. Iye anapepesa kuti anandiika pa mpanipani, n'kufunsa ngati zotsalazo ndingazilinganize kuti zikhale zazifupi koma zofanana, popeza ndalama yogulira zina analibe mpaka mwezi utatha. Ndinakhala nazo masana onse, kuyeza, kupinda nsonga, kusoka. Zinatuluka za mamita 17. Anathamanga nazo nyengo yonseyo ndipo ankati zikumukomera potembenuka. Sindinamuuze kuti kaiti ija ndikanatha kuigwira. Zidutswa zotsala ndinazikulunga pa kamtengo n'kuziponya m'chikwama.

Musandimve ngati ndikuti mnyamata wa kaiti ndi bambo anga ndi amodzi. Iye anali ndi galimoto ya makolo ake ndi pasipoti yosakayikitsa. Kutulutsidwa mu Olympics sikunamulande voti kapena manda. Ndiponso mantha a a matanga sanali nsanje yokha. Zingwe zimachekadi, ndaona zala zitang'ambika. Chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti ine, mdzukulu wa mtchona, nditangopatsidwa kampando pakati pa eni malo, ndinaphunzira msanga kuyang'ana obwera ndi diso lomwe lija ankatiyang'ana nalo pamzere wa pampopi ku Railway Block. Panalibe anandiphunzitsa. Ndinangolipeza lili kale m'thumba, ngati kampeni.

Chaka chomwecho cha 2013 Zimbabwe inalandira malamulo atsopano oyendetsera dziko, amene anati wobadwira m'dzikomo kwa kholo lochokera ku maiko a SADC, ndipo akukhala momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Bambo anapita kukaima pamzere masiku angapo, n'kusinthitsa chitupa. Anandiimbira foni. Sanalankhule zambiri, anangoti, "Mwanawe, akuti tsopano ndine wa kuno." Kenaka anafunsa ngati ndatumiza ya feteleza.

Pagombe pathu nkhondo inatha mosaoneka bwino tsiku lake. Pa timipikisano tathu oweruza anayamba kutulutsa magulu awiriwa mosiyanitsa mphindi zingapo, maboya omwewo, njira yomweyo, ndipo ntchito yanga pa boya loyamba inachepa. Ana a akuluakulu a matanga aja ambiri anali pa makaiti. Kenaka kunabwera chinthu chimene chinasokoneza onse pamodzi: phiko la pansi pa madzi, lomangidwa ku mwendo wautali pansi pa thabwa, limene liwiro likakwana limanyamula thabwa lonse kulichotsa pamadzi. A makaiti analitenga, a matanga analitenganso, ndipo mathabwa otambalala aja, amene anthu anadana chifukwa cha iwo, anasanduka mabenchi kuseri kwa sitolo.

Ndinabwerera ku Shurugwi mu 2018 bambo atayamba kudwala. Boterekwa ndinaipeza itadyedwa m'mbali ndi okumba golide, mitengo ya misasa imene inkafiira mu Seputembala itachepa. Mu Ogasiti 2024 ndinaonera Olympics pa foni, netiweki ikudukaduka. Ku Marseille a matanga ndi a makaiti onse analipo, aliyense ndi mendulo zake, onse akuuluka pa mapiko. Malo sanagwe kumwamba: pakati pa zimene zinachotsedwa panali boti la Finn, limene linakhala mu Olympics kuyambira 1952, ndipo ndikudziwa kuti kwinakwake kuli akuluakulu ena a imvi amene sanaonere. Golide wa akazi pa kaiti anatenga Ellie Aldridge wa ku Britain. Wa amuna anatenga Valentin Bontus wa ku Austria, dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu lino.

Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 10, ankaonera nane atatsamira paphewa langa. Atamva za Austria anafunsa ngati pa Gwenoro munthu angathe kuthamanga ndi kaiti. Ndinati mphepo ya pakati pa mapiri ndi yachinyengo, imabwera mbali zonse, koma tiyambe ndi ya kumtunda. Tsekera sitinamupeze, tinang'amba bango. Pepala la simenti masiku ano ndi losowa, tinadula jumbo yakuda. Pa ulusi ndinakumbukira kamtengo kaja m'chikwama. Zidutswa za ku Langebaan zinali zikadali zolimba, ndipo titazilumikiza ndi mfundo zinakwana kutalika kwabwino ndithu.

Tinakwera pa chulu cha miyala ya mgodi wakale kuseri kwa nyumba. Kumeneko tinapeza mnyamata wina wa ku Makusha atafika kale ndi kaiti yake ya ulusi wa thumba, ndipo anatiyang'ana monga munthu amene phirilo ndi la bambo ake. Makaiti awiriwo atakwera anayamba kuyandikana. Chingwe chathu chikanangokhudza chake, chikanachidula ngati udzu.

"Amalume, auzeni asunthe," anatero mwanayo.

Ndinanyowetsa chala n'kuchikweza. Mphepo inkachokera kwa mnzakeyo. Ndinamukuwira m'Chishona kuti akweze yake, n'kugwira dzanja la mphwanga kuti atsitse yathu. Anatsitsa monyinyirika, mlomo uli kutsogolo, ndipo kaiti yathu inadutsa pansi pa inzake, mchira wake ukukwapula mitu ya udzu.